Ekizozi ya Mbale Wake: Chibale cha Galimoto ndi Malire Ake

Aliyense amene adagonapo m'nyumba yoyandikana ndi msewu ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, nadzidzimutsidwa m'bandakucha ndi kubangula kwa galimoto imene ekizozi yake idabooka kalekale, adziwa kuti mpope umene ukwawa kunsi kwa galimoto, ngakhale uli wobisika kumaso ndi wonyozeka pakati pa zipangizo zinzake, ndiwo uweruza ngati mwini galimotoyo atchedwe munthu waulemu kapena wosowetsa anzake mtendere. Mpopewo ukadyeka ndi dzimbiri, kapena ukaphwanyika pa hampu, ambiri a ife tidziwa njira ziwiri zokha: kunka kwa owotcherera kuti akaike chigamba pamwamba pa chigamba chinzake, kapena kugula sailensa yonyezimira ya mtengo wotsika, imene kukongola kwake kuli chikomekome cha mkuyu. Koma ilipo njira yachitatu, imene amakaniko okhwima aidziwa ngakhale sailalikira, ndiyo yotenga ekizozi imene fakitale yomweyo idapangira galimoto ina ya banja lomwelo, kawirikawiri yoposa yako mphamvu, ndi kuimanga pa galimoto yako.

Kuti njirayi imveke, kuyenera kuyamba tadziwa m'mene opanga galimoto achitira ntchito yawo. Palibe kampani imene imayamba pachabe pa galimoto iliyonse, pakuti kutero kukadaisaukitsa. M'malo mwake imajambula tsinde limodzi, ndipo pa tsindelo imamangapo matupi osiyanasiyana ndi kuwatcha maina osiyana. Taonani Corolla imene Toyota idatulutsa ku Japan m'chaka cha 2000, imene yadzaza misewu yathu italowa pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, kapena pa Mwanza ndi Dedza kuchokera kummwera. M'chaka chomwecho idatuluka Fielder, ya thupi lalitali lonyamulira katundu. Ndipo m'chaka cha 2001 zidatsatira RunX ndi Allex, zimene zili mapasa enieni, zosiyana pang'ono chabe pankhope, zopatsidwa maina awiri chifukwa zinkagulitsidwa m'masitolo osiyana a kampani yomweyo. Zinayi zonsezi ndi ana a bere limodzi, ndipo kuchokera pa mateyala akutsogolo kufika pa akumbuyo zonse zili ndi mamilimita 2,600. Chibale chotere chiliponso pakati pa Premio ndi Allion, pakati pa Noah ndi Voxy, ndi pakati pa Probox ndi Succeed.

M'banja la Corollalo ana sadapatsidwe mphamvu yofanana. Ambiri amene tili nawo kuno ali ndi injini yotchedwa 1NZ-FE, ya malita 1.5, imene mphamvu yake ili ngati ya akavalo 110, yosamwa petulo wambiri ndi yopirira zodabwitsa. Ena ali ndi 1ZZ-FE ya malita 1.8. Koma pamwamba pa onsewo pali 2ZZ-GE, imene Toyota idapanga mothandizana ndi a Yamaha, ya malita 1.8 nayonso koma yotulutsa mphamvu ya akavalo 190, imene idaikidwa mu RunX Z, mu Allex RS180, mu Fielder Z Aero Tourer, ndi mu RunX RSi imene abale athu okhala ku Johannesburg ndi Durban aidziwa bwino. Injini imeneyi idali yolemekezeka kotero kuti ngakhale Angerezi opanga Lotus Elise adaitenga naiika m'galimoto yawo yothamanga. Tsono popeza injini yamphamvu chotere itulutsa utsi wochuluka, mafundi a kufakitale adaipangira njira ya utsi yoyenera kuchuluka kwakeko. Ndipo njira imeneyo ndiyo imene mwini RunX wamba amaisirira akaiona kwa ophwasula galimoto.

Kusirirako sikuli kopanda nzeru ayi. Ekizozi ya kufakitale idapangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri msanga, pamene mipope yambiri ya owotcherera ili ya chitsulo wamba, chimene madzi otuluka m'utsi, akaundana m'kati mwa sailensa pa maulendo aafupi a m'tauni, amachidya kuyambira m'kati mpaka kuchiboola mwini wake asadazindikire kanthu. Idayesedwa kuti isakhudze thanki ya petulo kapena mipope ya mabuleki, ndipo ngowe zake, ngati galimotozo zili pachibale chenicheni, zimagwa pa mphira zomwezo zimene zilipo kale. Koposa zonse, idayesedwa mawu ake kuti akhale m'malire a malamulo a dziko limene idapangidwira, kotero kuti imveka mokhuthala koma mosabangula, ndipo mwini wake sachita nayo mantha ikakwana nthawi yokayezetsa galimoto kuti ipatsidwe chiphaso cha COF.

Koma pano ndiyenera kukhumudwitsa anyamata amene aganiza kuti mpope wa mkulu udzapatsa mng'ono liwiro la mkuluyo. Mphamvu ya 2ZZ-GE siili mu ekizozi. Ili m'mutu wa injini, m'mavavu amene amatseguka mokulirapo injiniyo ikazungulira kupitirira pafupifupi 6,000 pa mphindi imodzi, ndi m'kompyuta imene ilamulira zonsezo. Injini ya malita 1.5 idzakhalabe ya malita 1.5 ngakhale mutaimangirira mpope waukulu bwanji. Ndiponso kukula kwa mpope kuli ndi malire ake, pakuti utsi utuluka m'injini modukizadukiza, ndipo gawo lililonse likathamanga mumpope woyenera limasiya kumbuyo kwake mpata umene ukoka gawo lotsatira. Mpopewo ukakula kupyola muyeso, utsi umayenda mwaulesi, kukokako kumachepa, ndipo galimoto imene mwini wake anayembekeza kuti iuluka imayamba kufooka ponyamuka ndi pokwera chitunda, malo omwe woyendetsa wa tsiku ndi tsiku afunirapo mphamvu. Wogula ekizozi ya mbale wake ayembekeze kulimba, mawu abwino ndi kukongola kwa kumbuyo; liwiro likawonjezeka, lidzakhala lochepa lakuti makutu ndiwo adzalimva koposa phazi.

Ndipo si gawo lililonse limene lisamuka. Chigawo choyamba, chomangidwa pa mutu wa injini, chimene amakaniko achitcha manifodi, chidapangidwira injini yake yokha, ndipo cha 2ZZ-GE sichingalowe pa 1NZ-FE ngakhale mutachimenya ndi hamala tsiku lonse. Chimene chingasamuke ndi cha kumbuyo, ndiwo mpope wapakati ndi sailensa yomaliza. Ndipo ngakhale pamenepo polumikizira payenera kuyezedwa, pakuti nthawi zina kamwa la mpope ndi mabowo a mabawuti zimasiyana, kotero kuti pamafunika mmisiri wodziwa kulumikiza bwino ndi gasiketi yatsopano.

Akulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Koma sadanene kuti malaya a mkulu akwana mng'ono aliyense. RunX ndi Allex zili ndi mchira waufupi, pamene Fielder ndi Corolla ya buti zili ndi wautali, motero sailensa yomaliza ya imodzi siifika pamene ya inzake ithera. Kusiyana kwina n'kobisika koposa apa. Galimoto zina za banjali zimakoka ndi mateyala onse anayi, ndipo kunsi kwake kuli shafti yopita kumbuyo, imene imachititsa kuti ekizozi idzere njira yina. Kunja zioneka chimodzimodzi, koma kunsi zili zachilendo. Chimene chiulula zonsezi ndi nambala ya chasisi, yolembedwa pa kachitsulo m'boneti: NZE121 ndi ya malita 1.5 yokoka ndi mateyala akutsogolo, NZE124 ndi yokoka ndi onse anayi, ZZE122 ndi ya 1ZZ-FE, ndipo ZZE123 ndiyo ya injini yamphamvu ija. Wopita kukagula sipeya atangosunga dzina la galimoto m'mutu, osalemba nambalayi, akumbuke chimene adadya safunsa uja.

Pali chinthu chimodzi chimene ndichidandaula koposa zonse, ndicho chizolowezi chochotsa katalitiki, kabokosi kaja kokhala pafupi ndi injini, kamene m'kati mwake muli zisa zopakidwa miyala ya mtengo wapatali, platinum, palladium ndi rhodium. Ntchito yake ndiyo kusandutsa mipweya yakupha kuti ituluke yosaopsa kwambiri. Ndipo chifukwa petulo wokhala ndi mtovu amawononga thanzi la anthu ndiponso amakapha kabokosika, maiko a kuno kummwera kwa Sahara adapangana ku Dakar m'chaka cha 2001 kuti aleke petuloyo, namuleka pofika kumayambiriro kwa 2006. Pamene maiko adavutikira chotero kuti kabokosiko kagwire ntchito, ife tikukagumula ndi chitsulo, ena ponyengedwa kuti galimoto ithamanga, ena pokopeka ndi ndalama za ogula miyalayo. Pa galimoto zambiri sensa yoyeza mpweya imene ili kumbuyo kwa kabokosiko imazindikira kuti kasowa, nyale ya injini imayaka osazimanso, ndipo utsi wonsewo apuma ndi amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndi ana oyenda pansi kunka kusukulu. Ubwino wina wa kusintha cha kumbuyo chokha ndi wakuti katalitiki ndi masensa ake zimatsala pamalo pake.

Potsiriza, ekizozi ya kufakitale imene mudzaipeza kwa ophwasula siili yatsopano, pakuti RunX ndi Allex zidaleka kupangidwa ku Japan m'chaka cha 2006, ndipo zina zidayenda zaka zambiri kumpoto kwa dzikolo, monga ku Hokkaido, kumene amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, mchere umene udya chitsulo kunsi kwa galimoto. Muigwedeze mumve ngati m'kati muli zogobedeka, muyang'ane misoko yake ndi ngowe zake, ndipo muigoneke pansi pambali pa yakale yanu musadapereke ndalama. Mukamanga, injini ilire galimoto ili panja, ndipo mmisiri afufuze polumikizira paliponse, pakuti mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo kapena maonekedwe, ndipo ukadontha kunsi n'kulowa m'galimoto yotseka mawindo umagonetsa woyendetsa ndi onse amene wawanyamula. Chonde, eni galimoto ndi inu amakaniko, musalole galimoto kutuluka m'galaja kuyesa kumeneku kusadachitike.