Pistoni na kamshafuti: pamene ovaholo yochipa imagwela

Aliyense wokwela basi pa Lumumba Road amazidziwa ma Hilux akale zonyamula matabwa ku Buseko olo masaka a tomato ku Soweto Market. Zina zimafuka utsi wa buluu mpaka kondakita atseka windo. Utsi uja ni oilo imene ikupsa pamodzi na petulo, cizindikilo cakuti maring'i na masilinda zadyeka. Mwini motoka akafika apa amafuna ovaholo, koma ndalama ni zocepa, ndipo motoka ikagona pa galaji pa nyumba palibe colowa.

Titenge injini ya Toyota 22R, ya petulo, 2366cc, imene ili mu ma Hilux ambili akale. Silinda yake pocoka ku fakitale ni mamilimita 92. Ikadyeka, a makina amaibowa kuti ikule pang'ono, kambili na 0.50, ndiye mufunika mapistoni a ovasaizi olingana. Apa ndiye anthu amathamangila. Munthu agula mapistoni cifukwa apeza ochipa mu shopu, buloko sinapimidwe n'komwe. Ndondomeko yabwino ni iyi: buloko ipimidwe coyamba, mudziwe saizi, mugule mapistoni, muwapeleke kwa wobowa kuti abowe molingana na pistoni imene ali nayo m'manja. Mpata wa pakati pa pistoni na silinda ni wocepa kuposa tsitsi la m'mutu. Sapima na maso.

Pali msampha wina. Mu 1985 Toyota inasintha 22R kwambili: buloko inafupika, hedi na mapistoni zinasintha. Mapistoni akale ali na cotupa pamwamba, atsopano ni afulati. Dzina pa katoni ni limodzi, koma zinthu sizilowana. Wogulitsa akangokamba kuti 22R ni 22R cabe, bwelelani mukaone buloko yanu.

Anyamata oonelela mavidiyo a ku America pa YouTube amakonda mapistoni a forged, aja a mpikisano. Ni olimba, zoona, koma amafufuma kwambili akatentha, conco amafuna mpata waukulu ndipo m'mawa injini ikali yozizila amagogoda. Pa motoka yonyamula makala, mapistoni wamba a cast ocokela ku kampani yodziwika akwanila, ndipo cenji cingagule pampu ya oilo na cheni ya taimingi.

Manje kamshafuti. Iyi ndiye imatsegula na kutseka mavavu. Ya mpikisano imasiya mavavu otseguka nthawi yaitali, ndiye injini imapuma bwino ikamazungulila mothamanga maningi. Koma mphamvuyo siicokela kumwamba, imangosamuka. Zimene mwapeza pa liwilo mwazitaya ponyamuka. Nanga mu Lusaka mudzathamangila kuti? Pa Kafue Roundabout cakumadzulo ni giya wanu na giya thu, katundu ali kumbuyo, phazi pa kilachi. Motoka ya kamu ikulu pamenepo imanjenjemela, kuzima pa maloboti, na kumwa petulo monga yabooka thanki.

Cimene ambili saganizila ni mabuleki. Pa injini ya petulo, busita ya mabuleki imadalila mpweya umene injini imakoka ku manifodi. Kamu ikulu imacepetsa kukoka kumeneku injini ikakhala pa aidolo, ndipo pedo imayamba kulimba. Vani yodzala matabwa, pedo yolimba, kutsogolo kwake minibasi yaima mwadzidzidzi kuti itenge munthu. M'basi muja ndimo mukhala imwe na ine.

Kwa ine, kamu ya fakitale ndiyo yoyenela motoka ya nchito. Ngati yakale sinadyeke pa mapewa ake, ibwelelemo. Ngati yadyeka, gulani ya sitandadi, ndipo musinthe na marokala, cifukwa rokala yodyeka imadya kamu yatsopano msangamsanga. Hedi nayo musaisikime mopitilila. Mukacotsa citsulo cambili kompuresheni imakwela, injini iyamba kulila monga muli timiyala mukaponda pa citunda, ndipo kulila kuja kumaphwanya maring'i na kuboola mapistoni amene mwangogula kumene.

Injini ikamangidwa, masiku oyamba isanyamule katundu wolemela, ndipo oilo na fyuluta zisinthidwe msanga kuti tuzitsulo tocokela ku maring'i atsopano tutuluke. Apa eni motoka amavutika mtima, pakuti nkhongole ya masipeya imayamba kuitana tsiku lomwelo motoka ikacoka pa galaji.