Mulungu wa amalonda analinso wa mbava

Ana asukulu akafunsidwa za milungu ya Agiriki ndi Aroma amathamangira kutchula Zeus wa ziphaliwali kapena Mars wa nkhondo. Koma alipo wina amene anthu a geni pa Lirangwe ndi pa Chileka akadamumvetsa msanga. Agiriki ankamutcha Hermes, Aroma ankati Mercury.

Mkuluyu anali mulungu wa amalonda ndi apaulendo. Dzina loti Mercury likugwirizana ndi mawu a Chilatini akuti merx, kutanthauza katundu wogulitsa, ndipo ku Rome adammangira kachisi m'chaka cha 495 Yesu asanabadwe. Chomwe sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti yemweyu analinso mulungu wa mbava.

Nthano imati tsiku lomwe adabadwa, Hermes adazemba m'phanga n'kukaba ng'ombe 50 za mkulu wake Apollo. Adaziyendetsa chafutambuyo kuti mapazi asokoneze olondola. Atagwidwa adakanitsitsa kwamtuwagalu, ati iye ndi khanda, ng'ombe sazidziwa n'komwe. Mlandu udazizira atampatsa Apollo choimbira chonga zeze chomwe adapanga ndi chigoba cha kamba. Kalulu weniweni ameneyu!

Tsono imvani izi. Pa 15 Meyi chaka chilichonse amalonda a ku Rome ankatunga madzi pakasupe wa pafupi ndi chipata cha Porta Capena, n'kuwaza katundu wawo komanso pamutu pawo. Mlakatuli Ovid adalemba kuti ankapempha Mercury awatsuke mabodza amene adanamiza nawo ogula, awalole kunamanso mawa lake, phindu lichuluke.

Tiseke ndithu, koma Aroma aja bola, ankavomera poyera. Kuno kwathu wogula nandolo ndi sikelo yobera, kapena wopima nyemba ndi mbale yophwanya kunsi, ndiye amayamba kulumbira, ati "Mulungu akuona, mayi." Mayiyo, amene wasenza thumba kuchokera kumudzi m'mamawa kudakali mdima, amabwerera ndalama ya feteleza itaperewera. Si amalonda onse otere ayi, koma amene amapima mwachilungamo nawonso dzina likuwaipira chifukwa cha anzawowa.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayesa ndi kudinda masikelo a malonda. Amayi ndi abambo, mukapita kukagulitsa mbewu, yambani mwaona chidindocho musanakoleke thumba.