Mkangano wa Mafunso: Wakhoza Ndani?

Mpikisano wa mafunso ukatha pa wailesi, mkangano sutha nthaŵi yomweyo ai. Umapitirira pa bawo ku Ndirande, m'minibasi ya ku Bangwe, ndiponso m'makonde a ku Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Wina amati mwana uja anakhoza koma amubera malikisi, mnzake nkumati wofunsayo sanalakwe. Nkhaniyi si yamaseŵera chabe, pakuti sukulu imatha kugonja chifukwa cha funso limodzi, ndipo mwana amatha kutaya chikhulupiriro pa zimene makolo ake amamuuza. Komabe kaŵirikaŵiri onse okanganawo amakhala akunena zoona. Cholakwa chimakhala m'funso lenilenilo.

Choyamba chimene chimautsa mkangano ndicho nthaŵi. Funso lotchuka ndi lakuti, "Kodi mzinda waukulu koposa m'Malaŵi ndi uti?" Munthu wachikulire wa ku Ndirande amayankha mosazengereza kuti ndi Blantyre, ndipo kwa zaka zambiri yankholi linali lolondola. Pa kalembera wa anthu wa 1998 Blantyre anali akadali patsogolo. Koma pa kalembera wa 2008 Lilongwe anapitirira pang'ono, ndipo mu 2018 kunapezeka kuti mu Lilongwe muli anthu pafupifupi 989,000, pamene mu Blantyre munali anthu pafupifupi 800,000. Motero mkuluyo sananame. Iye wasunga yankho limene nthaŵi yake inatha.

Chimodzimodzinso chiŵerengero cha maboma. Amene anaphunzira sukulu m'zaka za m'ma 1980 analoŵeza kuti maboma alipo 24. Pambuyo pake Phalombe anapatuka ku Mulanje, Balaka ku Machinga, Likoma ku Nkhata Bay ndi Neno ku Mwanza, kotero kuti lero alipo 28. Ngakhale za kuthambo zimasintha m'mabuku. Mpaka 2006 ana anali kuphunzira kuti mapulaneti ozungulira dzuŵa alipo 9, koma chaka chimenecho akatswiri a zakuthambo atasonkhana ku Prague anachotsa Pluto pa mndandandawo, nkutsala 8.

Chachiŵiri ndicho kafunsidwe. Ena akafunsidwa chaka chimene Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti amati 1964, ena amati 1966. Pa 6 Julayi 1964 dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, koma Dr. Banda anali Nduna Yaikulu, ndipo Mfumukazi Elizabeth II inali ikadali mutu wa dziko, woiimirira kuno ali Sir Glyn Jones. Upulezidenti unadza pa 6 Julayi 1966, pamene Malaŵi anasanduka lipabuliki. Liu limodzi likasintha m'funso, kuchoka pa "mtsogoleri" kunka pa "Pulezidenti", yankho nalonso limasintha. Za likulu la dziko nazo zili chomwecho: linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, koma Nyumba ya Malamulo inapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994.

Chachitatu ndicho maso a amene analemba buku. Mabuku akale anali kufunsa kuti, "Ndani anatulukira nyanja ya Malaŵi?" ndipo yankho loyembekezeka linali David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi mu 1859. Koma mwana amene angayankhe kuti ndi makolo a m'mbali mwa nyanjamo sangatchedwe mbuli, popeza Livingstone anapeza anthu akuwedza nsomba ndi kuoloka pa mabwato. Ngakhale dzina lakuti Nyasa analimva kwa eni dera, ndipo tanthauzo lake ndi nyanja basi. Funso loyenera nlakuti, "Kodi Livingstone anafika pa nyanjayi chaka chiti?" Pamenepo palibenso chokanganirana.

Izi sizitanthauza kuti yankho lililonse nlolondola. Alipo mayankho ena amene ali olakwa ndithu, ngakhale atanenedwa mokweza mau kapena ndi munthu waimvi. Anthu ambiri mu Blantyre muno amakhulupirira kuti mzindawu anauyambitsa ndi Livingstone. Zoona zake nzakuti iye anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene tsopano ndi Zambia, ndipo mishoni ya Blantyre inayambika mu 1876 ndi amishonale a mpingo wa Church of Scotland. Iwo anapatsa malowo dzina la mudzi wa ku Scotland kumene Livingstone anabadwira, pofuna kumukumbukira. Munthu amene anali atamwalira kale zaka 3 m'mbuyomo sakanamanga mudzi.

Choncho okangana, asanapsetsane mitima, ayenera kuyamba aunika zinthu zitatu. Kodi funsolo likunena za chaka chiti? Kodi mau ake akufuna chiyani kwenikweni? Nanga buku limene munthu akudalira linasindikizidwa liti? Za chiŵerengero cha anthu, mwini nkhani ndi ofesi ya National Statistical Office ku Zomba. Za mbiri ya mzinda uno, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri ndi nyumba zoŵerengeramo mabuku. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Aphunzitsi ndi onse okonza mafunso ali ndi udindo waukulu koposa. Funso lililonse litchule chaka ndi muyeso wake, kuti mwana wolimbikira asagwe chifukwa cha kulakwitsa kwa wina. Makolo nawo asachite manyazi pamene mwana wabwera ndi yankho latsopano kuchokera ku sukulu, ndipo ana asaseke yankho la agogo ao. Agogo akanena kuti maboma anali 24, mdzukulu afunse kuti linali liti, ndipo onse aŵiri adzatuluka m'mkanganowo atadziŵa zambiri kuposa mmene analoŵera.