SUKULU YA KU KAFUE NDI ANA ACE AKALE

Munthu wocokera ku Lusaka kulinga kumwera, akayenda makilomita ngati 45, afika pa mudzi waukulu wa Kafue. Asanaone mtsinje ayamba waona macumuni aatali ndi nyumba zazikulu za malata. Amenewo ndiwo mafakitale, ndipo dera lonselo lichedwa Kafue Industrial Area. Kupitirira pang'ono pali ulalo wa njanji umene unamangidwa m'caka ca 1906, ndipo pansi pace madzi a Kafue apita mwakacetecete kukathira m'Zambezi.

Koma ku Kafue kuli cinthu cina cimene cinayamba kale mafakitale asanabwere, ndico sukulu ya anyamata imene lero ichedwa Kafue Boys Secondary School. Sukulu siiphuka yokha monga bowa wa m'dzinja. Njerwa zace aumba ndi anthu, malata ace agulidwa ndi ndalama, ndipo denga likayamba kudontha payenera kupezeka wina wolikonza. Tsono funso ndi ili: kodi anamanga sukulu ya ku Kafue ndani, ndipo adzaisunga ndani kuti isagwe?

Makobiri a Anthu Osauka

Amishoni a mpingo wa Primitive Methodist, wa ku England, anafika m'dziko la Aila m'caka ca 1893, atayenda ulendo wautali ndi wobvuta pa ngolo za ng'ombe. Atatsegula masukulu m'midzi, anaona kuti ana alipo koma aphunzitsi palibe. Cifukwa cace m'caka ca 1916 Mbusa John Fell anayamba kumanga sukulu pafupi ndi mtsinje wa Kafue, ndipo mu 1918 anyamata oyamba analowa. Dzina lace masiku amenewo linali Kafue Training Institute. Anyamatawo sanali kuphunzira kuwerenga ndi masamu kokha ai. Anali kuphunziranso kulima, kupala matabwa ndi kumanga nyumba, kotero kuti mphunzitsi wocokera ku Kafue akafika pa mudzi anali kudziwa kuimika sukulu ndi manja ace.

Ndalama za nchito ya mishoni zinali kucokera kwa Akristu a ku England. Wina angayese kuti anthu amenewo anali olemera, popeza anali Azungu, koma si tero. Ambiri a mpingo umenewo anali anthu wamba: okumba malasha pansi pa nthaka, olima m'minda ya eni, asodzi a m'nyanja. M'nyumba zao anali kusunga timabokosi ta mishoni, naponyamo kobiri limodzi lero, lina sabata ya mawa, ndipo ana a Sande sukulu anali kucita cimodzimodzi. Anthu amenewa sanaone mtsinje wa Kafue ndi maso ao, ngakhale dzina la mnyamata mmodzi wa pa sukulupo sanalidziwe, komabe anapereka.

Mmodzi wa anyamata amene anaphunzira pamenepo ndiye Harry Mwaanga Nkumbula, wa ku Maala m'boma la Namwala. Iye anatsiriza Standard VI ku Kafue m'caka ca 1934, nakhala mphunzitsi. Pambuyo pace anakaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku London, ndipo mu 1951 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress, cipani ca anthu akuda cimene cinali kumenyera ufulu wa dziko. Mu 1962 anakhala nduna yoyang'anira maphunziro a anthu akuda. Akale anati kupatsa nkuika. Koma wokumba malasha uja, poponya kobiri lace m'bokosi, sanadziwe kuti ali kuikiza nduna ya boma.

M'caka ca 1965 mpingo wa Methodist unalowa m'cigwirizano ndi mipingo ina, napanga United Church of Zambia, ndipo sukuluyo inakhala m'manja mwa mpingo umenewu. Amishoni anabwerera kwao pang'onopang'ono, ndipo citsime ca ku England cija cinayamba kuphwa. Masukulu a mipingo otere alandira thandizo la boma, makamaka malipiro a aphunzitsi. Koma pa sukulu yogonera pomwepo zofunika zicuruka: mabedi athyoka, mazenera asweka, mpope wa madzi uonongeka, mabuku atha ndi manja a ana.

Pamene Dziko Lonse Linasonkha

Anthu a m'Zambia anaonetsa kale kuti akhoza kudzimangira okha. Pamene dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964, anthu akuda amene anali atatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha m'dziko lonse. Caka ca 1963 akatswiri otsogozedwa ndi Sir John Lockwood anali atalangiza kuti yunivesite imangidwe msanga, ndipo pempho linamveka m'mizinda ndi m'midzi kuti munthu ali yense aponyepo kanthu. Anchito anadula pa malipiro ao. Anthu a kumudzi amene analibe ndalama anapereka ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. M'mwezi wa March 1966 University of Zambia inatsegulidwa ku Lusaka ndi ophunzira 312, ndipo mu July caka comweco Dr Kenneth Kaunda anaika mwala wa maziko pa malo atsopano a m'mbali mwa Great East Road.

Cozizwitsa ndi ici, kuti osonkhawo sanali ana akale a yunivesite, pakuti nthawi imeneyo inalibe ana akale ngakhale mmodzi. Ambiri a iwo sanalowepo m'kalasi ciyambire. Lero anthu amene anaphunzira pamenepo ali zikwizikwi, madokotala, oweruza milandu, aphunzitsi ndi nduna, ndipo ngongole ya nkhuku zija ili pa iwo.

Zaka zomwezo mudzi wa Kafue unayamba kukula. Boma linamangapo fakitale ya nsalu, Kafue Textiles of Zambia, ndi fakitale ya feteleza, Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970. Anthu anabwera kucokera ku zigawo zonse kudzafuna nchito, nakhala m'nyumba zatsopano za ku Kafue Estates. Atate wa mwana akalandira pa kutha kwa mwezi, kusonkhera sukulu sikunali kobvuta. Koma m'zaka za m'ma 1990 zinthu zinatembenuka. Salaula ndi nsalu zochipa za kunja zinadzaza misika, fakitale ya nsalu inafooka kufikira inatsekedwa, ndipo ya feteleza inacepetsa anchito ace. Makolo ambiri anakhala pakhomo manja lende. Pamenepo masukulu a m'mudzimo anaona kuti thumba la makolo nalo likhoza kubooka monga linacitira la amishoni.

Mu January 2022 boma linacotsa malipiro a maphunziro m'masukulu ace kufikira ku sekondale. Ici cinali cinthu cokoma, pakuti ana ambiri amene anali atasiya anabwerera. Komatu ana akacuruka madesiki acepa, ndipo m'masukulu ambiri ana ena anakhala pansi.

Macitidwe a Bungwe la Ana Akale

Cifukwa ca zimenezi masukulu ambiri ayang'ana kwa ana ao akale, ndiwo amuna ndi akazi amene anaphunzira pamenepo nacoka. Iwo apanga bungwe, nasankha wapampando, mlembi ndi msungicuma. Bungwe lotere lifanana ndi dima la kumudzi, pamene anthu abwera ndi makasu ao kudzalimira mnzao munda umene sakadautha yekha.

Nchito yoyamba si kupempha ndalama ai, koma kupeza anthu. Mwana wa ku Kafue wa zaka 30 zapitazo lero angakhale ku Kitwe, ku Chipata, ku Johannesburg kapena ku London. Mlembi ayamba ndi buku lalikulu la pa sukulu m'mene alembamo dzina la mwana ali yense tsiku lolowa. Akapeza mmodzi wa caka cakuti, ameneyo achula anzace asanu, ndipo asanuwo achula ena. Kale nchitoyi inali ya makalata ndi masitampu, ndipo inali kutenga miyezi. Masiku ano anthu a kalasi imodzi asonkhana pa WhatsApp m'sabata imodzi yokha, natumiza zopereka zao pa lamya. Bungwe lanzeru liyamba laitana anthuwo ku cakudya, kapena ku mpira wa ana akale ndi ana atsopano, kuti aone ndi maso ao cipinda cimene anali kugonamo. Munthu amene sanamve kanthu za sukulu yace zaka 20, ndipo kalata yoyamba kumfika ndi yopempha, kawirikawiri aipinda naiwala.

Pambuyo pace akuluakulu a bungwe akhala pansi ndi mphunzitsi wamkulu, namfunsa cimene cisowa koposa. Apa pafunika kudzicepetsa. Ana akale akonda kumanga cinthu cooneka, monga cipata cokongola ca pamseu, pamene ana ali kusowa madzi m'zimbudzi. Amene agona m'nyumba ndiye adziwa podontha. Cosowaco cikadziwika, aciwerengera mtengo wace, nauza anthu momveka: mabedi akuti, pa mtengo wakuti, afike mwezi wakuti usanathe. Anthu apereka msanga pa cinthu cimene akhoza kuciwerenga ndi kucikhudza, koma mau akuti "tithandize sukulu yathu" alowa khutu ili naturukira linalo.

Njira zosonkhera ndalama zilipo ziwiri zazikulu, ndipo zonse zinayesedwa kale m'maiko akutali. Yoyamba ndi mphatso yaikulu ya munthu mmodzi. Cecil Rhodes, amene dzina lace linali pa dziko lino lisanachedwe Zambia, pomwalira mu 1902 anasiyira Oriel College ya ku Oxford, kumene anaphunzira, mapaundi 100,000. Ndi ndalamazo anamanga nyumba yaikulu, naimika fano lace pamwamba pa khomo. Koma kuyambira mu 2015 ophunzira ambiri a ku Oxford anauka kufuna kuti fanolo licotsedwe, cifukwa ca nkhanza zimene Rhodes anacitira anthu akuda polanda maiko ao. Mphatso yaikulu imabwera ndi dzina la mwini wace, ndipo sukulu isenza dzinalo, lokoma kapena loipa, mibadwo yambiri.

Njira yaciwiri ndi zopereka zazing'ono za anthu ambiri. M'caka ca 1890 ana akale a yunivesite ya Yale ku America anayamba thumba limene munthu ali yense aponyamo cimene angathe caka ndi caka, ndipo mayunivesite ena ambiri anatengera. Njirayi si yacilendo kwa amai a pa msika wa Kafue, amene adziwa cilimba, pamene ali yense asonkha pang'ono mwezi ndi mwezi kufikira ndalama zikwana kugula cinthu cacikulu. Masamu ace ndi apafupi. Anthu 200 akapereka K50 ali yense pa mwezi, zikhala K10,000. Pa miyezi 12 zikhala K120,000. Palibe mmodzi wa iwo amene wagona ndi njala cifukwa ca K50, ndipo mmodzi akamwalira kapena nchito ikamthera, thumba silifa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Njira imeneyi ndiyo yokhalitsa, ngakhale itopetsa msungicuma.

Pamene mabungwe ambiri agwera ndi pa kasungidwe ka ndalama. Ndalama za gulu sizigona m'nyumba ya munthu, koma ku banki, ndipo potapa payenera kusaina anthu awiri kapena atatu. Wopereka ali yense alandire risiti, ngakhale wapereka K5. Pa msonkhano wa caka msungicuma aimirire nawerenge zolowa ndi zoturuka pamaso pa onse, ndipo mabedi ogulidwawo aonetsedwe kuti anthu awerenge okha. Zikasowa ndalama kamodzi kokha popanda wolongosola, caka camawa anthu abwera kudzadya nsima koma manja ali m'matumba. Bvuto lina ndi la wopereka zambiri amene afuna kulamulira mphunzitsi wamkulu, kapena kulowetsa mwana wa mlongo wace amene analephera mayeso. Bungwe liyenera kukana zotere poyera kuyambira paciyambi.

Si ndalama zokha zimene mwana wakale angapereke. Mmisiri wa magetsi amene anagwira nchito zaka zambiri m'fakitale ya feteleza akhoza kukonza mawaya a m'makalasi tsiku Loweruka limodzi. Namwino akhoza kupima ana maso. Wopala matabwa aukitsa madesiki othyoka amene aunjikidwa kuseri kwa kalasi. Ndipo dokotala akaimirira pamaso pa ana nanena kuti iyenso anali kukhala pa desiki la pa zenera lija, wopanda nsapato, mwana wa msodzi amene anali kuganiza zosiya sukulu amvetsera ndi makutu onse awiri.

Alipo ena amene akana kubwera. Iwo akumbukira cikoti, njala ya m'cipinda cogona, kapena anyamata aakulu amene anali kuwazunza, ndipo sayenera kuwanyoza cifukwa ca kukana kwao. Mlembi wabwino sawafafaniza m'buku. Awatumizira mbiri ya sukulu caka ndi caka osapempha kanthu, nawauza ana angati apambana mayeso ndi mpope uti wakonzedwa. Ena akhala cete kufikira imfa. Ena patapita zaka afika okha pa cipata, nafunsa mlonda ngati mtengo wa mango umene anabzala ali mu Form I ukalipo.