Dolifini si nsomba, magazi ake ndi ofunda

Ndili Fomu 2 ndinataya malikisi pa funso looneka lophweka: kodi dolifini ili ndi magazi ofunda kapena ozizira? Ine ndinangoti aa, imakhala m'madzi ngati chambo, ndiye ozizira basi. Ndinalakwa.

Dolifini ndi nyama yoyamwitsa, ngati ng'ombe kapena ife tomwe. Imapuma ndi mapapo kudzera pa kabowo ka pamutu, imabereka mwana n'kumuyamwitsa. Thupi lake limadzipangira lokha kutentha kuchokera ku chakudya, ndipo kumakhala pa madigiri 36 mpaka 37 ngakhale nyanja izizire bwanji.

Nanga imatha bwanji, poti madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga kuposa mpweya? Amene munasambapo kumtsinje mu Juni mukudziwa. Pansi pa khungu ili ndi mafuta ochindikala ngati bulangete. Koma chimene chimandisangalatsa ine chili m'zipsepse. Mitsempha yochokera kumtima imagundana ndi yobwerera, ndiye magazi ofunda amafunditsa ozizirawo, kutenthako n'kubwerera m'kati kusanatayike m'madzi.

Mawu akuti "magazi ozizira" amasocheretsa pang'ono. Buluzi amene waothera dzuwa pamwala masana akhoza kutentha kuposa inuyo, kungoti kutenthako amakudalira kunja. Phindu lake n'lakuti sawononga chakudya chambiri. Ng'ona imatha miyezi osadya, pomwe dolifini imasaka tsiku ndi tsiku.

Musalowezenso kuti nsomba zonse n'zozizira. Mu 2015 akatswiri anapeza kuti nsomba yotchedwa opah imafunditsa thupi lake kuposa madzi amene ikusambiramo.