Mwasunga K500 lero? Dziombereni m'manja!

Wolemba MTOLANKHANI WATHU

JANUWALE aliyense m'misika ya Limbe, Ndirande, Lilongwe, Zomba mpaka ku Mzuzu mumamveka malumbiro. Wina akuti chaka chino mpamba sindidyanso, wina akuti kwa akatapira ndatsanzikako, winanso akuti zobetcha mpira basi ndasiya. Koma pofika Malichi, ambiri mwa malumbirowa amakhala ataikidwa kale m'manda, opanda ndi nkhata yomwe.

Kodi anthu a geni ndi aulesi? Ayi ndithu. Munthu wodzuka mbandakucha kukapikula tomato kapena kukatsegula belo la kaunjika simungamunene ulesi. Vuto n'lakuti ambirife timafuna kuyamba ndi zazikulu. Timati tidzasangalala tikadzagula malata kapena tikadzatsegula okala. Ndiye poti malatawo ali kutali, mtima umafooka panjira, ndipo ka K500 komwe tinaika padera dzulo timakaona ngati kachabechabe. Mawa lake kamapita ku chiwaya.

Masiku 66, osati sabata imodzi

Akatswiri a pa University College London ku Mangalande, motsogozedwa ndi mayi Phillippa Lally, anafufuza nkhaniyi ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Anatenga anthu 96, aliyense n'kusankha kachinthu kamodzi koti azichita tsiku ndi tsiku, monga kudya chipatso kapena kumwa madzi pa chakudya cha masana. Anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga pafupifupi masiku 66 kuti chikhazikike. Ena chinawalowa m'magazi pa masiku 18 okha, pomwe kwa ena chiwerengero chinkafika mpaka masiku 254.

Tamvani izi tsono: anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga kanthu kwenikweni. Ndiye inu amayi amene munalephera kusunga Lachitatu chifukwa mvula inathamangitsa makasitomala, musati zonse zathera pompo. Lachinayi pitirizani basi.

Funso n'lakuti, miyezi iwiri yathunthu munthu angapirire bwanji asanaone phindu looneka ndi maso? Apa ndi pomwe pakubwera nkhani yodziyamikira.

Katswiri wina wa pa yunivesite ya Stanford ku America, B.J. Fogg, analemba buku lotchedwa Tiny Habits. Mfundo yake ndi yakuti chinthu chimene chakusangalatsa pochichita, mtima umafuna kuchibwereza. Choncho amalangiza kuti muyambe ndi kanthu kakang'ono zedi koti simungakalephere, mukalumikize ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, ndipo mukangokachita, sangalalani nthawi yomweyo, osadikira kutha kwa mwezi. Mkuluyu pofuna kuzolowera mafizo anayamba ndi mapushapu awiri okha nthawi iliyonse akachokera kuchimbudzi. Zoseketsa eti? Komatu zinatheka.

Makolo athu anazidziwa kale izi. Paja amati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Nanga pa benchi zitheka bwanji?

Tiyerekeze ndinu mayi wogulitsa tomato ndi anyezi. Madzulo aliwonse mumamasula kansalu kapena chikwama n'kuwerenga ndalama. Chizolowezi chimenecho muli nacho kale. Ndiye pomwepo, musananyamuke, patulani mpamba woodera mawa, patulani ya ndiwo, kenaka K500 muike pa yokha. Mukatero lembani m'kope la sukulu, n'kuchonga tsikulo pa kalendala. Nenani ndi pakamwa kuti “lero ndakwanitsa.” Ngati mnzanu woyandikana naye benchi ndi wokhulupirika, muuzeni, mugwirane chanza.

Tawerengani nokha. K500 pa masiku 6 ndi K3,000. Pa masiku 26 ogwira ntchito pamwezi ndi K13,000. Mukalimbikira miyezi 12 ndi K156,000. Ngati K500 yakula, yambani ndi K200. Pa masabata oyamba chofunika si kukula kwa ndalamayo ayi, koma kuti dzanja lizolowere kupatula.

Ndipo kupambana si kusunga kokha. Tsiku lomwe mwakana kukongoza mlamu wanu amene sabweza, mwapambana. Tsiku lomwe mwadutsa pa malo obetchera mpira osalowamo, achimwene, mwapambana. Tsiku lomwe mwalemba zonse zolowa ndi zotuluka mpaka tikiti ya msika ndi ndalama ya wonyamula katundu, chongani pa kalendala.

Ku Kenya, m'boma la Busia, akatswiri a zachuma Pascaline Dupas ndi Jonathan Robinson anatsegulira anthu a mabizinesi ang'onoang'ono mabuku osungira ndalama opanda chiwongola dzanja. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2013 zinaonetsa kuti amayi ogulitsa pamsika amene anagwiritsa ntchito mabukuwo anakuza mpamba wawo kuposa anzawo. Chinawathandiza n'kungokhala ndi malo oika ndalama kutali ndi manja awo komanso manja a abale.

Kuno kwathu malo otere alipo: chipereganyu, banki m'khonde, Airtel Money kapena TNM Mpamba. Banki m'khonde, yomwe bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991, ili ndi nzeru yomweyi. Sabata iliyonse munthu amagula masheya anzake akuona, zimalembedwa m'buku, ndipo tsiku logawana kumakhala nthungululu ndi magule. Anthu salekera panjira chifukwa pali owaona ndi owachemerera.

Nanga kwacha ikagwa?

Wina anena kuti tisungirenji poti ndalama yake ikungosungunuka ngati mchere? Funso ili n'lomveka. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi ndalama pansi pa mphasa analira ndithu.

Koma taganizirani amene analibe kalikonse padera. Mitengo yooda itakwera, ndi iyeyo amene anathamangira kwa katapira, komwe ngongole ya K20,000 imabereka ana mwezi usanathe. Nzeru ndi yakuti ndalama ikakwana poti n'kugula katundu, igulireni katundu wosaonongeka msanga monga nyemba, sopo kapena mchere, kapena muonjezere dengu lina. Ndalama ingagwe mphamvu, koma chizolowezi chopatula sichigwa.

Chenjezo

Pali chisangalalo china chomwe chimadya mwini wake. Munthu wasunga K3,000 sabata yonse, Loweruka n'kunena kuti ndidzithokoze, n'kukamwera K5,000. Kumeneko si kusangalala, n'kubowola dengu lomwe ukututira. Mphotho ikhale yochepa kuposa zimene mwasunga. Botolo limodzi la Fanta, kanyama ka pa Sabata kodya ndi ana, kapena kungotseka benchi msanga n'kukapumula, zakwana.

Chinanso, osayamba zinthu zisanu nthawi imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani chimodzi, chikakhazikika muonjezere china. Osadzifanizanso ndi mnzanu wa hadiweya amene amasunga K20,000 patsiku. Iye ali ndi ulendo wake, inu muli ndi wanu.

Choncho madzulo ano mukamayalula katundu, patulani kangachepe, lembani, chongani, ndipo dziuzeni kuti mwachita bwino. Mawa mudzachitenso chimodzimodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.