Amisiri a M'mbali mwa Nyanja ku Mangochi

Tauni ya Mangochi ili pamene mtsinje wa Shire wangotuluka kumene m'nyanja ya Malawi, usanalowe m'nyanja yaing'ono ya Malombe. Munthu akaima pa mlatho wa Bakili Muluzi m'mawa amaona madzi akutsetsereka mwakachetechete kulowera kumwera, mabwato akudutsa pansi, amayi akuchapa m'mphepete, ndi anyamata a kabaza akupalasa ndi mphamvu kuti akwere chitunda cha mlathowo. Chapafupi pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene malowa ankatchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima yankhondo ya Guendolen, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946.

Alendo ambiri sachedwa m'tauni. Amadya nsima ya chambo n'kupitirira ndi msewu wa ku Monkey Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 60, kukafuna mchenga ndi madzi ku Nkopola, ku Makokola, ku Nkhudzi kapena ku Cape Maclear. Koma pali mlendo wa mtundu wina, woluka, telala, kalipentala kapena woumba mbiya, amene wabwera kudzapuma patchuthi koma maso ake akana kupuma. Ameneyu akapatsidwa dengu amayamba walitembenuza kuti aone pamene mwini wake anayambira kuluka. Akaona bwato pagombe amalisisita m'mimba kuti amve mmene kasemasema anayendera. Kwa munthu wotere dera lino lili ndi zambiri zomuuza, pakuti pafupifupi chilichonse chimene anthu a kuno amadyera chimayamba ndi ntchito ya manja.

Choyamba kumukopa ndi mlaza. Chigwa cha Mangochi n'chotentha, chodzaza ndi milambe ndi migwalangwa, ndipo m'mbali mwa msewu mumapachikidwa mikeka, zipewa, madengu ndi zikwama zoluka. Woluka sadula tsamba lililonse. Amasankha la pakati, lanthete, lomwe lisanatambasuke, chifukwa lokhwima limathyoka. Amaliyanika padzuwa mpaka liyere, kenako amaling'amba timizere tofanana ndi kampeni kapena ndi chikhadabo. Timizere tina amatiphika mu utoto wogula kumsika, wofiira, wobiriwira kapena wofiirira, tina amatisiya toyera. Mkeka salukira pamodzi wonse. Amayamba kuluka lamba wautali, wopingasa ngati chikhatho, amene amamukulunga pamene akukula, ndipo mayi amatha kumaluka akucheza pakhonde osayang'ana n'komwe zala zake. Lambayo akakwana ndi pamene amamulumikiza mzere ndi mzere. Apa ndi pamene pamaonekera katswiri: msoko wake suoneka, ndipo mkeka ukayalidwa umagona pansi osapindika m'makona. Mkeka wa mlaza amakhalira alendo, amayanikapo ufa, ndipo m'mabanja ambiri a Chisilamu, amene ndi ochuluka m'boma lino, pamakhala wina wosungidwa bwino wopempherera.

Mphasa ndi ina. Imeneyo ndi ya bango, lomwe limamera lambiri m'mbali mwa Shire ndi ku Malombe, ndipo kawirikawiri amasoka ndi abambo, ndi singano yaitali yachitsulo ndi chingwe cha khonje. Kuchokera ku bango ndi nsungwi kumatulukanso miono yotchera nsomba ndi mathandala oyanikapo usipa.

Pagombe ntchito yaikulu ndi bwato. Bwato la pa nyanja ya Malawi limasemedwa kuchokera ku mtengo umodzi, ndipo amisiri ali ndi chifukwa polisiyira kamwa yopapatiza pamwamba pamene mimba yake ili yotakata: milomo yopindikira m'katiyo imaletsa mafunde kulowa mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira. Wopalasa amakhala pamwamba pa milomoyo, miyendo ili m'kati, nkhafi ili m'manja. Wosema amayamba ndi nkhwangwa, kugwetsa mtengo ndi kuusongola mutu ndi matako, kenako amalowa m'kati ndi kasemasema. Alibe choyezera. Amagogoda khoma la bwato ndi kumvetsera kulira kwake kuti adziwe ngati lapyapyala mokwanira, ndipo akalakwitsa kamodzi n'kuboola, ntchito ya masabata yawonongeka. Vuto la masiku ano ndi mitengo. Ikuluikulu yoyenera bwato inatha m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja, moti amisiri amakasemera kutali kumapiri n'kubweretsa bwato pa galimoto, ndipo mabwato akale amangowaphatika zigamba za malata ndi phula kuti akankhebe chaka china. Ndi chifukwa chake maboti okhoma ndi matabwa akuchuluka. Luso limeneli linakula kwambiri ku Mpwepwe, kumene kuli sukulu ya boma yophunzitsa za usodzi, ndipo lero akalipentala amakhoma maboti pansi pa mitengo m'madoko ambiri.

Ngakhale sitima zazikulu za panyanjapa zinadutsa m'manja mwa amisiri a dera lino. Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow, inabwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, anthu n'kuisenza pamutu polambalala mathithi, ndipo inalumikizidwa kwa Mponda mpaka kulowa m'madzi mu 1901. Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, kumene inayamba maulendo ake mu 1951. Mabuku amatchula mainjiniya achizungu amene ankayang'anira, koma amene ankagwira hamala ndi kukhoma misomali yamoto padzuwa la ku Mangochi anali anthu a m'midzi yomweyi, ndipo maina awo sanalembedwe.

Kunja kuli mzinda wina umene anthu a luso la manja amakonda kukacheza pa zifukwa zonga zomwezi. Ndi Venice, ku Italy, womangidwa pa tizilumba toposa 100, kumene ngalande zamadzi ndiyo misewu. Kumeneko akadali ndi malo okhomera gondola, boti lakuda lotalika mamita pafupifupi 11, lolumikizidwa ndi zidutswa pafupifupi 280 za mitengo ya mitundu 8. Amalikhoma lopendekera mbali imodzi mwadala kuti wopalasa mmodzi, ataimirira kumbuyo ndi nkhafi ya mbali imodzi, aziyenda molunjika. Wosema bwato wa ku Mangochi atamva zimenezi sangadabwe, chifukwa nayenso amadziwa kuti chombo chimatenga maonekedwe kuchokera ku madzi amene chidzayendamo.

Koma pakati pa Venice ndi Mangochi pali ubale weniweni, ndipo ndi mikanda. Kuyambira mu 1291 opanga magalasi a ku Venice anasamutsidwira pa chilumba cha Murano poopa moto mumzinda, ndipo m'zaka zotsatira Murano inakhala gwero lalikulu la mikanda ya galasi padziko lonse. Amisiri ankakoka galasi losungunuka kukhala kachubu kakang'ono kotalika kwambiri, n'kukadula tizidutswa, n'kutiotchanso kuti tikhale tobulungira. Kenako amayi osauka a mumzindawo ankakhala panja pa nyumba zawo, thireyi yamatabwa ili pamiyendo, akutunga mikandayo pa ulusi ndi masingano ambiri nthawi imodzi. M'zaka za m'ma 1800 mikanda yambiri imene inkatsitsidwa m'madoko a kum'mawa kwa Africa inali ya ku Venice ndi ya ku Bohemia, pamene ya m'mbuyomo inkachokera makamaka ku India. Kuchokera ku Kilwa ndi ku Quelimane, amalonda a Chiyao ankaibweretsa kumtunda pamodzi ndi nsalu, mfuti ndi wonga. Mafumu monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi analemera ndi malonda amenewa.

Nkhaniyi siyenera kukambidwa mokometsera. Zimene zinkapita kunyanja yamchere posinthana ndi mikandayo zinali minyanga ya njovu ndi anthu. Mudzi wa Mponda unali pa doko pamene magulu a akapolo ankaolokera Shire, ndipo Harry Johnston anamanga linga loyamba la Fort Johnston mu 1891 kutsidya kwa mudziwo pofuna kutseka njira imeneyi. Mkanda umene unatungidwa ndi mayi wosauka ku Venice unkatha kukhala gawo la mtengo wa mwana wa mayi wina wa kuno. Komabe mikanda inakhazikika m'moyo wa anthu, m'chiuno mwa amayi, m'khosi mwa anamwali otuluka ku chinamwali, m'manja mwa makanda. Pamene katswiri wofukula zakale Ray Inskeep anakumba manda akale ku Nkhudzi, anapeza anthu ataikidwa ndi mikanda yagalasi yambiri, pamodzi ndi miphika.

Miphikayo ndiyo ulemu waukulu wa gombe lino, ngakhale alendo ochepa okha ndiwo amaudziwa. Akatswiri akamasiyanitsa nyengo za mbiri yakale ya kumwera kwa Malawi amagwiritsa ntchito maina a malo a ku Mangochi. Miphika ya mtundu wa Nkope, yotchedwa ndi dzina la doko la Nkope kumene Keith Robinson anakumba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndi ya alimi oyamba osula zitsulo, amene anafika kuno zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ya Mawudzu, dzina la phiri la m'dera lomweli, ndi ya nthawi ya Amaravi, ndipo Yusuf Juwayeyi anaipeza yambiri ku Mankhamba, likulu lakale la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, pafupi ndi Mtakataka. Ya Nkhudzi ndi ya zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Woumba wa lero atapatsidwa phale la ku Nkope akhoza kulozera pamene mnzake wakaleyo anapinda mlomo ndi chala, ndi pamene anadinda mizere dothi lisanaume. Kaumbidwe sikanasinthe kwenikweni: kukumba dothi kumtapo, kuliponda, kukweza khoma ndi manja popanda makina ozungulira, kukulungiza ndi mwala wosalala, kuumitsa pamthunzi, n'kuotcha pamoto wa nkhuni. Chimene chasintha n'chakuti ndowa za pulasitiki ndi mapoto zalanda malo a mtsuko ndi nkhali, ndipo atsikana ochepa ndiwo akuphunzira.

Ku Cape Maclear ndi kumene ntchito ya manja imakumana maso ndi maso ndi ndalama za alendo. Mudzi wa Chembe uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba zake za mbuna. Pomwepa ndi pamene amishoni a Livingstonia, ndi Dr Robert Laws, anayamba ntchito mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta. Lero m'njira yamchenga ya m'mudzimo muli timisasa ta ziboliboli, mabawo, mipando ya mafumu, zithunzi zopenta za zilumba za Thumbi ndi Domwe, ndi zibangili za mikanda, imene tsopano yambiri imachokera ku mafakitale a ku Asia. Atelala amasoka malaya a chitenje mlendo akudikira. Anyamata amasema dzina la munthu pa kathabwa kopachikira makiyi m'maola ochepa.

Malonda ake amayenda ndi pakamwa. "Takulandirani, amayi, kuona n'kwaulere," amatero wogulitsa. Mlendo akafunsa mtengo n'kugwedeza mutu, amamva kuti, "Nanga inuyo muli ndi zingati?" Wogula wakuno amayankha, "Chotseraniko, achimwene, ndife a pompano." Kunenerera si kulakwa, ndi mwambo wa msika. Chomvetsa chisoni n'chakuti mlendo amene walipira chipinda cha usiku umodzi mosawiringula amatha kulimbana mpaka thukuta pa mtengo wa mbale imene munthu wasema masiku atatu. Mlendo amene nayenso ndi mmisiri sachita zotere, pakuti amadziwa kulemera kwa mtengo wa mpingo m'manja, amadziwa kuti umabunthitsa tchizulo, ndipo amazindikira msanga mtengo wamba umene wadetsedwa ndi polishi ya nsapato. Osema ena amachita zimenezo chifukwa mpingo weniweni ukusowa, ndipo umatenga zaka zambirimbiri kuti ukule. Ena amanena poyera kuti chosemacho n'cha mtengo wina, ndipo ameneyo ndiye woyenera kumugula.

Msika wodalira alendo ndi wosakhazikika. Mu 2020 matenda a Covid-19 anatseka maulendo, timisasa tambiri n'kukhala opanda wogula. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, madzi n'kulowa m'malo ogona alendo ambiri a m'gombe la Mangochi. Nthawi ngati zimenezi woluka mikeka ndi wokhoma maboti amapirirako, chifukwa makasitomala awo ndi anthu a m'mudzi, koma wosema ziboliboli amasowa pogwira. Achinyamata ambiri a m'boma lino amakwera basi kupita ku Joni, ena mwa iwo atatenga luso la utelala limene amuna a Chiyao akhala akudziwika nalo kuyambira kale, ndipo mipando yoluka ndi madengu a ku Malawi amagulitsidwa m'misika ya ku Johannesburg pa mitengo imene woluka wakumudzi sanaimvepo.

Nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili m'nyumba yakale ya Gymkhana Club pafupi ndi mlatho, imafotokoza bwino za sitima ndi za nsomba za m'nyanja. Ikanakhala ndi khonde limene woluka mlaza, wosoka mphasa ndi woumba mbiya angamagwirirepo ntchito masiku oikika, ana a sukulu akuonerera ndi kuyesa ndi manja awo, alendo opita ku Monkey Bay akanakhala ndi chifukwa choimira m'tauni, ndipo ndalama zikanalowa m'thumba mwa wopanga mwiniwake osadzera kwa wapakati.